Chala Chikaduka Pantchito ya Fodya, Alipire Ndani?

Alimi anzathu, tsiku lina mukapita ku msika wa fodya wa ku Chinkhoma, kapena mukaima pamene malole akupakira mabelo m'midzi ya kwa Kaomba, mudzayang'anitsitse manja a anthu amene akunyamula katunduyo. Simudzachedwa kuona munthu amene chala chake china chinafupika, kapena chinapindika osaongokanso, kapena chilibe chikhadabo. Mukamfunsa mwaulemu adzakuuzani mosabisa kuti chinapanidwa ndi chitseko cha shedi, kapena chinatsalira mu jeke, kapena chinaphwanyika pomangirira ngolo. Koma mukamfunsa ngati analandirapo chipukuta misozi, ambiri amangoseka. Ena amati bwana anawapatsa ndalama yokwerera galimoto popita kuchipatala ndi ina yogulira sopo, nkhani nkuthera pomwepo.

M'nyuzi ino timakamba kaŵirikaŵiri za kufesa nazale, kuthira feteleza, kuchotsa mphukira ndi kusankha fodya, koma sitikumbukira kuti ntchito zonsezi zimagwiridwa ndi zala. Fodya sali ngati chimanga. Tsamba lililonse limadutsa m'manja kambirimbiri: pothyola, posoka, popachika pa mikangala m'chigafa, potsitsa, posankha ndi pomanga timitolo. Wosankha fodya amamva ndi nsonga za zala ngati tsamba nlokhuthala kapena lopyapyala, ngati lafeŵa mokwanira kapena likhoza kufumbutuka. M'dzanja limodzi muli mafupa 27, ndipo madokotala odziŵa za manja amanena kuti chala chamanthu pachokha chimagwira pafupifupi magawo 40 mwa magawo 100 a ntchito ya dzanja lonse. Munthu amene wataya chamanthu kapena chamkombaphala akhoza kugwirabe khasu, koma kusoka fodya ndi kusankha kumamvuta moyo wake wonse, ndipo ndi ntchito zimenezi zimene zimabweretsa ndalama.

KUMENE NGOZI ZIMABISALA

Chitseko timachiyesa chinthu chofatsa chifukwa timachigwira tsiku ndi tsiku. Koma chitseko chili ndi mbali ziŵiri. Mbali ya loko imatseka mothamanga, ndipo ikapana chala kaŵirikaŵiri imaswa chikhadabo kapena kafupa ka kunsonga. Mbali ya mahinjesi imayenda pang'onopang'ono, mpata wake umaoneka waung'ono, komabe ndiyo yoopsa zedi. Imaluma monga momwe ilumira pulayala: pogwira mpatali, poluma mpafupi ndi pokhomera, kotero kuti mphamvu ya kamwana kamene kakukankha chitseko kumapeto imasanduka mphamvu yaikulu kwambiri pafupi ndi mahinjesi. Pamenepo chala sichingotupa ayi, chimaduka. Ndipo pamenepo mpamene munthu amatsamiza dzanja akamacheza ndi mnzake pakhomo la shedi, kapena akamapuma atasenza katundu.

Kuno ku Kasungu mphepo ya mwera imaomba m'miyezi ya June ndi July, nthaŵi imene mashedi osankhiramo fodya amakhala odzaza ndi anthu. Zitseko za mashedi ambiri nzazikulu, zamalata, ndipo zimagwira mphepo ngati thanga la bwato. Timazitsekula nkuzitchinga ndi njerwa, wina nkukankha njerwayo ndi phazi polowetsa wilibala, mphepo nkuchita zake. Mankhwala ake ngotsika mtengo. Chitseko chilichonse chachikulu chikhale ndi chokoŵera cha chitsulo kapena cha waya wolimba chochimangira kukhoma chikatsegulidwa. Mpata wa ku mahinjesi utsekedwe ndi chidutswa cha chubu chakale cha tayala, chokhomera kuchokera pamwamba mpaka pansi, kuti chala chisaloŵepo. Malata amene anatukuka m'mphepete apindidwe ndi hamala. Ndi ntchito ya tsiku limodzi kwa kalipentala wa m'mudzi. Ana nawonso asamaseŵere pakhomo la shedi. Zala zawo nzanthete, ndipo paja lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito yoopsa aliyense wosakwana zaka 18.

Kwa amene mumalima fodya woumitsa m'mabalani kuli chitseko china, cha pa ng'anjo. Kuumitsa balani limodzi kumatenga pafupifupi sabata yathunthu, moto osazima usana ndi usiku, ndipo masiku omaliza, pouma mitsitsi ya pakati pa tsamba, kutentha m'balani kumafika pa madigiri 70. Wosonkha moto amakhala atagona pang'ono, amagwira ntchito mumdima, ndipo chitseko cha chitsulo amachitsegula ndi chiguduli kapena ndi nkhuni. Chikapulumuka chimatentha ndi kupana nthaŵi imodzi. Osonkha moto azisinthana, ndipo pa ng'anjo pazikhala nyali ndi chitsulo chachitali chotsegulira.

Tsono tifike pa jeke, pakuti ndiye wadya zala zambiri. Aliyense amadziŵa kagwiridwe kake: fodya amayalidwa m'bokosi, thabwa la pamwamba limatsika pamene anyamata akupotokola chitsulo, mpaka fodya wolemera makilogalamu pafupifupi 100 atapanikizika kukhala belo limodzi. Mphamvu imene imachepetsa mulu wa fodya chotero siingamve kuti pansi pa thabwa pali dzanja la munthu. Ngozi imachitika motere. Mmodzi waona kuti timitolo tina tatuluka m'mphepete kapena chiguduli chakwinyika, ndipo akuloŵetsa dzanja kuti akonze. Anzake amene ali pa chitsulo sakumuona, mwina akuimba nyimbo, mwina akuthamangira kuti amalize, nkupotokolanso kamodzi. Ngozi yachiŵiri imabwera potsegula mbali za bokosi fodya ali chipanikizire. Mbalizo zimakhala zitakankhidwa mwamphamvu kuchokera m'kati, ndipo mukangochotsa chokhomera zimafwamphuka ngati msampha.

Chimene chimakulitsa vutoli ndi changu. Jeke mmodzi amatumikira kalabu yonse kapena midzi ingapo, amabwerekedwa polipira pa belo lililonse, ndipo mwini wake amafuna kuti maŵa m'maŵa apite kwina. Lole yabwera kale, tsiku lopereka fodya ku okushoni layandikira, choncho kudinda kumapitirira mpaka usiku ndi kuŵala kwa tochi ya pa foni. Ife tikuti belo likachedwa tsiku limodzi limagulidwabe. Pa jeke pazikhala munthu mmodzi yekha wolamula, ndipo chitsulo chisayende iye asananene kuti manja onse atuluka. Pokonza fodya m'bokosi gwiritsani ntchito kamtengo. Potsegula mbali imani chapambali ndi kugogoda chokhomera ndi hamala, osachikoka ndi zala. Munthu amene wamwa moŵa asayandikire jeke, ngakhale atakhala mwini fodya.

Zotsala nzodziŵika: zitseko za m'mbali mwa lole zimene zimagwa mukangomasula, chitsulo cholumikizira thirakitala ndi ngolo yake pamene woyendetsa akubwerera m'mbuyo osaona, ndi mtengo wa ngolo ya ng'ombe pomangirira ku goli. Monsemu lamulo ndi limodzi, lakuti dzanja lisakhale pakati pa zinthu ziŵiri zimene zikhoza kukumana.

NGOZI IKACHITIKA

Choyamba ndi kuletsa magazi. Tengani nsalu yoyera, psinjani pa balapo mwamphamvu, ndipo dzanja likwezedwe pamwamba kuposa chifuŵa. Musamachotse nsaluyo kuti muone ngati magazi asiya. Ikanyoŵa onjezani ina pamwamba pake. Musamange chala kapena mkono ndi chingwe kapena lamba wa chubu, chifukwa kumanga kotere kukakhalitsa kumapha mnofu umene ukanachira. Ngati pa dzanjalo pali mphete ichotsedwe msanga lisanatupe. Pa bala musathirepo dothi, phulusa, fodya wopera, mafuta a galimoto kapena madzi a m'batire. Tikudziŵa kuti ena amatero ponena kuti magazi amaleka msanga, koma zinthu zimenezi zimawononga mnofu, ndipo dothi la m'khola ndi la m'munda ndimo mumakhala tizilombo toyambitsa kafumbata. Munthu aliyense wovulala ndi chitsulo kapena malata akauze a chipatala kuti katemera wa kafumbata anabaya liti.

Ngati chala chadukiratu musachitaye, ndiponso musathamangire kukachikwirira. Chitsukeni pang'ono ndi madzi oyera, chikulungeni m'kansalu koyera konyoŵa, chiikeni m'kajumbo ka pulasitiki ndi kumanga bwino, kenaka kajumboko kaikeni m'madzi ozizira, a ayezi ngati alipo pa golosale yapafupi. Chalacho chisakhudzane ndi ayezi ndiponso chisaviikidwe m'madzi chopanda jumbo. Tinene zoona pano: kulumikizanso chala ndi opaleshoni yovuta imene imachitika m'zipatala zoŵerengeka, ndipo chala chophwanyika ndi chitseko kapena jeke nchovuta kulumikiza kusiyana ndi chodulidwa ndi mpeni wakuthwa. Komabe khungu lake likhoza kuthandiza kutseka bala, ndipo woyenera kugamula ndi dokotala. Wovulalayo asadye kapena kumwa kanthu panjira, kuchitira kuti mwina akafunika kumgoneka tulo pa opaleshoni.

Pitani naye tsiku lomwelo ku chipatala cha boma cha Kasungu, kapena ku St Andrew's ku Mtunthama kwa amene muli chakum'maŵa. Zikakula a chipatala ndiwo amatumiza wodwala ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Chala chimene chikuoneka chathunthu kunja chikhoza kukhala ndi fupa lothyoka kapena mtsempha woduka m'kati, ndipo mtsempha ukachedwa kusokedwa umabwerera m'mbuyo, chala nkuuma. Zala zambiri zopindika zimene timaziona pa misika zinapindika chifukwa mwini wake anadikira kuti ayambe wamaliza kudinda.

ZIMENE LAMULO LIMANENA

Maganizo akuti wovulala pantchito azilipidwa si atsopano. Dziko la Germany linakhazikitsa lamulo lotere m'chaka cha 1884, la Britain m'chaka cha 1897, ndipo m'chaka cha 1921 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linagwirizana kuti ogwira ntchito m'minda nawonso azilandira chipukuta misozi monga anzawo a m'mafakitale. Malaŵi anavomereza pangano limenelo m'chaka cha 1965, ndipo m'chaka cha 2019 anavomerezanso lina lonena za chitetezo ndi umoyo wa ogwira ntchito zaulimi. Achikulire amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ankazidziŵa bwino zimenezi, chifukwa kumeneko chala chilichonse chinali ndi mtengo wake m'buku. Chodabwitsa nchakuti nzeru imeneyi sinafike kwenikweni m'minda ya fodya ya kwathu konkuno.

Lamulo lathu limatchedwa Workers' Compensation Act, ndipo Nyumba ya Malamulo inalikhazikitsa m'chaka cha 2000 m'malo mwa malamulo akale. Mfundo yake yaikulu njakuti munthu wolembedwa ntchito akavulala chifukwa cha ntchitoyo, ali pantchito, womlemba ayenera kulipira. Wovulala safunika kuonetsa kuti bwana analakwa. Ngakhale chitseko chitamenyetsedwa ndi mphepo, ngakhale amene anapotokola jeke atakhala wantchito mnzake, chipukuta misozi chiyenera kuperekedwa. Mawu akuti "linali tsoka chabe" kapena "sunasamale wekha" sachotsa udindowu. Amene salandira ndi munthu wodzivulaza dala, ndipo kuledzera pantchito kukhoza kuipitsa nkhani imene ikanayenda bwino.

Wolemba ntchito amalipira zinthu zitatu. Amalipira chithandizo cha kuchipatala, mankhwala ndi mayendedwe. Amapereka gawo la malipiro pa nthaŵi imene wantchito akuchira ndipo sangathe kugwira ntchito. Ndipo ngati munthu walumala mpaka kalekale, monga zimakhalira chala chikaduka, amapereka ndalama za nthaŵi imodzi. Kaŵerengedwe kake nkotere. Munthu amene walumala kotheratu, wosathanso kugwira ntchito iliyonse, amalandira malipiro ake a pamwezi kuchulukitsa ka 54. Akamwalira, a pabanja pake amalandira malipiro a miyezi 42. Amene wataya chiŵalo chimodzi amalandira gawo la ndalama za miyezi 54 zija, molingana ndi mndandanda umene uli kumapeto kwa lamulolo, mmene chiŵalo chilichonse chinapatsidwa magawo ake, ndiponso molingana ndi zimene dokotala wapeza. Chamanthu chimaposa zala zinzake, ndipo kuduka kwa chala chonse kumaposa kuduka kwa mfundo imodzi.

Tipereke chitsanzo chongoyerekeza kuti masamu amveke. Tinene kuti wantchito amalandira K100,000 pamwezi. Miyezi 54 ikupereka K5,400,000. Ngati kulumala kwake kwayesedwa kuti ndi magawo 10 mwa 100, alandira K540,000. Ngati ndi magawo 20, alandira K1,080,000. Ena anganene kuti ndalama zimenezi nzochepa poyerekeza ndi chala chimene sichidzameranso, ndipo sitingawatsutse. Koma nzosiyana kutali ndi ndalama ya sopo. Taonaninso kuti masamu onseŵa akuyambira pa nambala imodzi, malipiro a pamwezi. Pamene palibe chosonyeza kuti munthu ankalandira zingati, poyambira pamasoŵa.

Pali anthu amene lamuloli linawasiya kunja, ndipo nkofunika kuwatchula kuti wina asadzataye ndalama zoyendera pachabe. Mlimi wodzilimira yekha akadula chala pa jeke wake alibe womlipira, pakuti bwana ndi iye mwini. Abale a mlimi amene amakhala m'nyumba mwake namthandiza ntchito saŵerengedwa. Chimodzimodzinso waganyu wongodutsa. Koma chenjerani ndi liwu limeneli la ganyu. Munthu amene wakhala pa munda wanu kuyambira pa nazale mu September mpaka podinda mu June, akudzuka pa nthaŵi imene mwamuuza ndi kugwira ntchito imene mwampatsa, sasanduka waganyu chifukwa chakuti inu mukumtchula choncho. A ofesi ya zantchito ndi a khoti amayang'ana mmene ntchito inkayendera.

NANGA TENANTI?

Apa mpamene pagona nkhani ya kwa Kaomba ndi madera ena a Kasungu. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti anafalikira m'chigwa chonsechi. Makampani monga Press Farming ndi General Farming anatsegula minda ikuluikulu, bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linkaphunzitsa alimi achimalaŵi kuumitsa fodya m'mabalani, ndipo lamulo la Special Crops Act linkachititsa kuti fodya wa bale azilimidwa m'maesiteti mokha. Bale wambiri ankalimidwa ndi matenanti, mabanja ochokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Machinga, Mangochi ndi kwina kumene malo olima ndi ochepa. Kuyambira m'chaka cha 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, ndipo ambiri amene anapeza bwino anayamba nawonso kutenga matenanti, banja limodzi kapena aŵiri.

Tenanti sankalandira malipiro a pamwezi. Ankapatsidwa malo, mbewu, feteleza ndi chimanga pangongole, ndipo pakutha pa chaka ankagulitsa fodya wake kwa mwini munda yekhayo, pa mtengo umene mwini munda wanena, nkuchotsapo ngongole zonse. Tsono akavulala, mwini munda ankati uyu si wantchito wanga, ndi mlimi wodziimira payekha amene amandigulitsa fodya. Chikhalirecho shedi nja mwini munda, jeke ngwa mwini munda, ndipo nthaŵi yodzuka ankanena ndi kapitawo wa mwini munda. Tenanti wovulala ankagwa pakati, osakhala wantchito, osakhalanso mwini. Choŵaŵitsa mtima nchakuti masiku amene anali kuchipatala chimanga chimene banja lake linkadya chinkalembedwabe m'buku la ngongole. Bilu yofuna kukonza za utenanti inalembedwa m'zaka za m'ma 1990, koma inakhala zaka zambiri osasanduka lamulo.

M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la za ntchito ndi kuletseratu utenanti. Tanthauzo lake nlakuti munthu wolima fodya pa munda wa wina, pansi pa ulamuliro wa mwini munda, ayenera kulembedwa ngati wantchito wolandira malipiro. Tonse tikudziŵa kuti kusintha lamulo ku Lilongwe ndi kwina, kusintha chizoloŵezi cha zaka 50 m'minda ndi kwinanso, ndipo dzina la tenanti likumvekabe m'midzi mwathu. Koma pa nkhani ya zala kusinthaku nkwakukulu. Mwini munda amene angayankhe lero kuti wovulalayo anali tenanti chabe akudziulula yekha kuti ankachita chinthu choletsedwa. Inu amene mukugwira ntchito m'maesiteti, funsani kuti mgwirizano wanu ulembedwe, malipiro a pamwezi aoneke pa pepala, ndipo pepala limodzi musunge inuyo. Ngati simutha kuŵerenga, pezani wina wa kwanu kapena wa bungwe la ogwira ntchito m'minda ya fodya la TOAWUM kuti akuŵerengereni musanadinde chala.

Ndipo inu alimi olembetsa amene muli ndi nambala yanu ku Tobacco Commission, musaganize kuti nkhaniyi nja maesiteti akuluakulu okha. Mukakhala ndi antchito aŵiri, pamaso pa lamulo ndinu bwana. Lamulo la 2000 linanenanso za thumba limene olemba ntchito onse azisonkhamo kuti chipukuta misozi chizichokera mmenemo, koma kwa zaka zoposa 20 thumbalo silinayambe kugwira ntchito, ndipo m'zaka zonsezo ndalama zinkatuluka m'thumba la wolemba ntchito mwini wake, kapena ku kampani ya inshuwalansi ngati anagula inshuwalansi ya antchito. Kwa mlimi wa mabelo 15 kapena 20, chala chimodzi cha wantchito chikhoza kudya phindu la chaka chonse. Nchifukwa chake nkwanzeru kuti makalabu akambirane za inshuwalansi pamodzi, ndipo a komiti akafunse ku ofesi ya zantchito msika usanatsegulidwe kuti wolemba ntchito akuyenera kuchita chiyani chaka chimenecho.

NJIRA YOTSATA

Nkhani zambiri za chipukuta misozi zimafera pa kusoŵa kwa mapepala. Wovulala, kapena mkazi wake, kapena mnzake, auze mwini munda kapena kapitawo tsiku lomwelo, pamaso pa mboni. Kuchipatala nenani momveka kuti mwavulala pantchito, pa munda wakutiwakuti, ndi chinthu chakutichakuti, kuti zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Ena amanamiza dokotala kuti anavulala kunyumba potema nkhuni, chifukwa bwana wawapempha kutero kapena chifukwa choopa kuchotsedwa ntchito. Bodza limenelo likangolembedwa limadzakutsutsani inu nomwe. Sungani bukulo, malisiti a mankhwala ndi a galimoto, ndi maina a anthu amene anaona ngoziyo, pamodzi ndi midzi ya kwawo, pakuti fodya akatha ambiri amabwerera ku Mulanje kapena ku Mangochi ndipo kuwapeza kumavuta.

Ndi udindo wa wolemba ntchito kukanena za ngoziyo ku ofesi ya zantchito, imene ambiri timaitchula kuti ku Leba, pa boma la Kasungu. Akazengereza, wovulala akhoza kupita yekha kukadandaula, ndipo asachedwe, chifukwa lamulo linaika malire a nthaŵi yoperekera dandaulo. A ofesiyo amapereka mafomu, ina yodzaza wolemba ntchito, ina yodzaza dokotala. Bala likapola dokotala amayesa kuti kulumala nkwa magawo angati, ndipo mapepala amapita kwa Komishonala woona za chipukuta misozi cha ogwira ntchito, amene amaŵerengera ndalama zoyenera kuperekedwa. Njirayi imatenga nthaŵi, ndipo imafuna kupitako kangapo. Ngati ngozi inachitika chifukwa cha kusasamala koonekeratu kwa wolemba ntchito, monga jeke wothyoka amene antchito anadandaula kale koma osakonzedwa, wovulala akhozanso kukasuma ku khoti, ndipo amene alibe ndalama ya loya akafunse thandizo ku Legal Aid Bureau.

Chimene chimachitika kaŵirikaŵiri ndi kukambirana kwa pakhonde. Bwana amaitana wovulala, mwina pamaso pa a mfumu, nkumpatsa ndalama pang'ono ndi thumba la chimanga, nkumuuza kuti adinde chala pa pepala losonyeza kuti nkhani yatha. Sitikunena kuti onse ochita zimenezi ali ndi mtima woipa. Ambiri sadziŵa kuti pali kaŵerengedwe ka boma, ndipo amaona ngati achita chifundo. Thandizo la msanga lotere lilandiridwe, pakuti banja liyenera kudya, ndipo lilembedwe kuti laperekedwa. Koma pepala lotseka nkhani lisadindidwe dokotala asanayese dzanja, chifukwa pa sabata yoyamba palibe amene angadziŵe ngati chala chidzapindikanso kapena chidzauma. Nayenso mwini munda zimamkomera kuti ndalama zidzere ku ofesi ya zantchito, popeza kumeneko kumatsala umboni wakuti analipira, ndipo nkhaniyo siingadzukenso patapita zaka.

Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu April. Mwezi wa March usanathe, mwini munda aliyense ayendere zitseko za shedi ndi za mabalani, aone zokhomera za jeke, ndipo agule kope limodzi la ana a sukulu. M'kopemo alembe dzina la wantchito aliyense, mudzi ndi mfumu ya kwawo, tsiku limene anayamba ntchito ndi malipiro ake a pamwezi, ndipo masamba a kumapeto awasiyire ngozi: tsiku, nthaŵi, chimene chinachitika ndi amene anaona. Kopelo lizikhala m'shedi momwemo, pamodzi ndi mabandeji, sopo, nsalu zoyera ndi timajumbo tiŵiri ta pulasitiki.